Ndinatsanzika Lamulo Lisanapse

Ku tchalitchi kwathu ku Barking, kuno kutsidya kwa nyanja, kuli anthu amene mpaka lero akandiona amayamba ndi kufunsa kuti, "Ndege ija inyamuka liti?" Ine ndimangoseka nawo, nanga nditani poti ndinaziputa ndekha. Nkhaniyi ndi ya zaka zija ndisanakhazikike kuno, pamene chilolezo changa chokhalira m'dziko muno chinali chomangirira pa ntchito imodzi basi, yosamalira okalamba pa nyumba ina ku Lewisham. Ntchitoyo ikanatha, chilolezo chikanathera pomwepo, pamodzi ndi maloto oitanitsa mkazi wanga ndi mwana.

Dziwani kaye kuti kwathu ine ndinali katswiri wa za Nyumba ya Malamulo (ukatswiri wake wa pa wailesi). Aphungu akamakumana, ine khutu pa wailesi, moti aphunzitsi anzanga ankanditchula a Sipikala. Ndinkadziwa kuti bilu ikakambidwa, aphungu n'kuvota, chatsala ndi cholembera cha Pulezidenti. Nyumba imodzi, voti imodzi, nkhani yatha. Nzeru imeneyi ndinakwera nayo ndege, ndipo palibe anandiuza kuti ndiisiye pabwalo.

Chaka chimenecho kunali bilu ina yokhudza ife obwera. Aliyense ankaifotokoza mwakemwake, koma onse ankagwirizana pa ndime imodzi, yoti ikadutsa, anthu a mapepala ngati anga zawo zada. Masana ena ndikugawa tiyi m'chipinda chochezera, ndinaona pa wailesi ya kanema aphungu atadzaza mipando yobiriwira, akukuwizana monga achitira akwathu. Kenaka anatuluka kukavota, nabwerera, ndipo pansi panadutsa malemba oti bilu yadutsa. Tiyi uja ndinamuthira m'sosala.

Sindinafunse munthu. Katswiri amafunsa ndani?

Nditafika ku Barking ndinapeza Sakala, mnyamata wa ku Chipata amene tinkakhala nyumba imodzi, akusita yunifolomu yake ya ulonda.

"Achimwene, nichani? Nkhope monga mwaluza walleti."

"Basi, Sakala, zatha. Avota. Ine sindidikira kuti adzandinyamule ngati katundu. Ndipita ndekha, mwaulemu."

"Manje muli shuwa? Aba bazungu vinthu vao vimatenga taimu."

"Iwe, ine Palamenti ndinayamba kuimvera iwe ukadali kuyamwa."

Sakala sanatsutsenso. Anangoyang'ana jekete langa la nyengo yozizira lomwe linali pa chitseko, n'kunena mwachifundo kuti ku Malawi kumatentha. Ndinamupatsa. Ndinamupatsanso hita ndi mpoto wamagetsi wophikira mpunga, ndipo analandira zonsezi ndi nkhope ya pamaliro.

Lamulungu ndinaimirira m'tchalitchi n'kutsanzika. Anandiimbira nyimbo, anandipempherera, amayi ena mpaka misozi. Koma inu amene munakhalapo kunja mukudziwa chimene chimatsatira munthu akanena kuti akupita kumudzi. Pofika madzulo chipinda changa chinali chitasanduka sitolo. Nsapato za mwana wa uje ku Ndirande, mafuta odzola a apongozi a uje ku Area 25, mafoni akale, suti ya ukwati, ndi ketulo yomwe mayi wina wa ku Croydon anati ndikangofika ndikaipereke pamanja, osatuma munthu. Aliyense ankati kake ndi kakang'ono, sikalemera.

Lolemba ndinalowa mu ofesi ya manejala wathu, Mayi Doreen, mzungu wachikulire wosakonda zolankhulalankhula. Ndinawauza kuti ndikusiya ntchito. Zikanathera pamenepo bwenzi zili bwino, koma munthu amene akuganiza kuti sadzabweranso amalimba mtima modabwitsa. Ndinawauza kuti mashifiti amagawa mokondera. Ndinawauza kuti makina onyamulira okalamba pabedi anatha kalekale, tikuthyoka misana. Ndinafika mpaka pa nkhomaliro yawo, kuti munthu wamkulu sangakhale moyo ndi buledi wozizira ndi tchizi tsiku ndi tsiku (izi zinkandikhudza pati, mpaka lero sindidziwa). Iwo anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kunena kuti, "Ndamva." Ndinatuluka ndikudzimva ngati ngwazi.

Ndinatsala ndi kutsanzika okalamba anga. Womaliza anali Bambo Arthur, amene kale ankaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale. Miyendo inali itawakana koma mutu unali wakuthwa, ndipo tsiku lonse ankaonera zokambirana za aphungu. Ndinawapeza akuonera chipinda china cha mipando yofiira, momwe munali nkhalamba zolankhula motsitsa, zina zitatsinzina. Ine masiku onse ndinkayesa kuti ameneyu ndi msonkhano wa anthu opuma ntchito.

"Bambo, ndabwera kudzatsanzika. Lamulo lija ladutsa, ndikubwerera kwathu."

"Lamulo liti?"

Ndinawafotokozera, mwaukatswiri.

Analoza kanema uja ndi ndodo yawo. "Nanga awa ukuganiza kuti akudikira chiyani? Basi?"

Anandiuza kuti ndikhale pansi, ndipo mphunzitsi wakale uja anadzuka mwa iwo. Anati Nyumba ya Malamulo ya kuno ili ndi zipinda ziwiri. A mipando yobiriwira ndi aphungu osankhidwa ndi anthu, ndipo mphamvu zambiri zili kwa iwo. A mipando yofiira savoteredwa. Ambiri amachita kuikidwa, ena anali oweruza, madokotala, nduna zakale, muli mabishopu, ndi ena ochepa olowa chifukwa cha banja limene anabadwiramo. Bilu ikadutsa kobiriwira imawolokera kofiira, n'kuyambanso ulendo wonse: kuiwerenga, kuikambirana, kuisenda ndime ndi ndime. Akasintha kanthu amaibweza. Obiriwira akakana amaibwezanso, ndipo imatha kumangoyenda uku ndi uku mpaka mbali zonse zitagwirizana liwu lililonse. Ikatero m'pamene imapita kwa Mfumukazi kuti aivomereze.

"Ofiirawa sangaitsekereze mpaka kalekale," anatero, "koma kuichedwetsa ndi kuizula minga amatha. Chimene unaona iwe ndi theka la ulendo. Ndipo ngakhale itatha, pamakhalanso tsiku loti iyambe kugwira ntchito. Wauza kale ndani?"

Ndinayamba kuwerenga m'mutu: Sakala, mpingo wonse, mayi wa ketulo. Kenaka ndinafika pa Mayi Doreen. Lamulo linali lisanandikhudze n'komwe, koma ine ndinali nditadula ndekha chingwe chomwe chinkandisunga m'dziko muno. Mayiwo akanangoimba foni kulikulu kuti uje wasiya ntchito, bwenzi katundu wa anthu uja ndikukaperekadi pamanja.

"Thamanga," anatero Bambo Arthur. "Ine ndikanakuperekeza, koma ukuona wekha."

Ndinawapeza Mayi Doreen akudya buledi wawo uja. Ndinaima pakhomo manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu wochedwa, chingerezi chonse chitathawa. Ndinayamba ndi za zipinda ziwiri, ndinapita kwa Mfumukazi, ndinabwerera ku Ndirande, osafika pa mfundo.

"Mukufuna kufunsa ngati ndaimba foni," anandidula.

"Eya, mayi."

"Sindinaimbe. Ndagwira ntchito ino zaka zambiri. Munthu wotopa akandiuza kuti akusiya, ndimadikira adzanenenso mawa atagona. Mudzanenanso mawa?"

"Ayi, mayi. Ngakhale mkuja."

Anapukuta pakamwa pang'onopang'ono. Anati za makina onyamulira zija ndinanena zoona, aitanitsa ena. Za mashifiti anati aonanso, ngakhale sakuvomereza kuti amakondera. "Koma za nkhomaliro yanga," anatero, "zimenezo zakanidwa." Ndinathokoza mpaka ndinapezeka ndikuwomba m'manja mwakwathu, mawondo atapinda, iwo n'kumandiuza kuti ndipite, agogo a m'chipinda chakumapeto akudikira kusamba. Sindinasambitsepo munthu mokondwa ngati tsiku limenelo.

Zotsalazo zinali za manyazi chabe, ndipo manyazi sapha. Lamulungu lotsatira ndinaimiriranso m'tchalitchi kufafaniza kutsanzika kwanga, zikwama zili m'mbalimu. Anthu anaseka mpaka abusa anavula magalasi. Aliyense anatenga kake, ngakhale mayi wa ketulo anandiyang'ana ngati ndamulakwira pokhala. Koma potuluka, bambo wina wachikulire, namwino wa ku Lewisham, anandigwira paphewa n'kunena motsitsa kuti, "Tonse tinachita mantha, achimwene. Inu munangotiposa liwiro." Mawu amenewo anandichiza.

Sakala anabweza hita ndi mpoto. Jekete anakana. "Iyi yeve inapita mu nyumba zonse ziwiri, achimwene, na Mfumukazi anasaina."

Bilu ija inatenga miyezi. Ine ndi Bambo Arthur tinaitsatira limodzi, ine nditakhala pamphepete pa bedi ndi mbale ya phala lawo. Ndinaona nkhalamba zomwe ndinkazinyoza zija zikuimirira imodziimodzi, ina ndi ndodo, kufunsa kuti nanga anthu amene ali kale kuno, amene anabwera pa malamulo akale, atani? Inabwezedwa, inabweranso, ndipo potsiriza ndime ija inatuluka itafewa, yosakhudza ife amene tinalipo kale. Palibe mmodzi wa iwo ankandidziwa. Mwina ena analidi m'tulo. Koma ndimawathokoza, monga ndimathokozera Bambo Arthur, amene anamwalira mkazi wanga ndi mwana atangofika kumene, atawaona kamodzi.

Kuyambira pamenepo sindinyoza munthu wochedwa kuyankha, chifukwa banja langa lili kuno kaamba ka anthu amene anakana kufulumira. Ndikanakonda kukuuzani kuti nanenso ndinasintha. Koma pakamwa pangapa mpaka lero pakadali nyumba imodzi: zikangodutsa m'mutu, zatuluka.