Ndere za m'Damu ndi Madzi a Mabatire

Lolemba
...ndiye ine n'kuwauza a Nyirenda a zaumoyo kuti mtovu sungandiopse, munthu woti ndinasambirapo m'nyanja yamchere ku Beira. Iwo osaseka. Akuti madzi amene ndimatsukira mabatire akale akutsikira m'dimba la mayi Nachisale, mtovu n'kumalowa mu mpiru. Akawapeza akuyendabe Lolemba likubwerali, shopu atseka. Shopu yanga! Yodziwika kuyambira pa Boma mpaka ku Lisungwi!

Ndikuimbira Tadala, mwana wa achemwali, wa kukoleji ku Blantyre. Akuti ophunzira amapanga ufa wa ndere za m'nyanja yamchere wogwira mtovu m'madzi a m'mafakitale. Ndadula foni asanamalize. Ndere ndi ndere basi.

Lachiwiri
Ku Ligowe, padamu la nsomba la alamu. Matumba atatu a ndere. Alamu akufunsa ngati kwathu ndiwo zasowa chonchi. Asiyeni aseke, mawa adzandimva pa wailesi.
Zofunika:
mgolo (wa akazi anga, mayi a Chisomo, sakudziwa)
mtondo (chimodzimodzi)
neti yakale
dzina la kampani

Lachitatu
Ndayanika ndere pamkeka. Mbuzi za mayi Nachisale zadya theka. Eni ake akuti, "Mpiru mukuupha, mbuzi mukunenepetsa. Kodi ndinu mdani kapena m'bale?" Fungo lafika kumsika. Ntchentche za ku Mwanza zakwera minibasi kudzaona.

Lachinayi
Ndikusinja ndere mayi a Chisomo ali kumjigo. Andipeza munsi uli m'mwamba. Akuti mtondo ukununkha chule wakufa, mtedza sudzalowamonso. Chisoso cha lero chopanda nsinjiro. Sayansi imafuna kudzimana.

Lachisanu
Tsiku lotsegulira! Ufa mu mgolo, neti pamwamba, kabowo pansi. Akabaza onse adzaza pakhonde. Madzi otsukira mabatire alowa otuwa, atuluka obiriwira. Ndikulengeza kuti kubiriwirako ndiye umoyo. Wina akuti ndimwe aone. Ndamuuza kuti ndikusala kudya, kukamwa kuli chimanga chootcha.

Loweruka
A Nyirenda abwera osaitanidwa. Azungulira mgolo kawiri, mphuno atagwira. Kenako mwaulemu: "Achimwene, tinene kuti ndere yagwiradi mtovu. Ndereyo mukataya kuti?" Ine mosachedwa, m'dimba, ikhale manyowa. Ndamva ndekha zimene ndanena. Mayi Nachisale azimvanso, anali kuseri kwa mpanda.

Tadala waimba: akuti ndere zake n'zina, amazikonza m'labu, madziwo n'kuwayezanso ndi makina. Bwanji osanena? Akuti ananena, foni ndinali nditadula.

A Nyirenda akuti mgolo uja usadzasungenso madzi akumwa, ngakhale nditautsuka mpaka Yesu abwere.

Lamulungu
Shopu yapulumuka, koma kutsegula mabatire ndasiya. Kutchaja kokha. Akale azipita ku Blantyre osatsegula. Madzi obiriwira ali mu mgolo, otsekera, akudikira a Nyirenda anene kokawasiya. Mpiru wa m'munsi mayi Nachisale azula. Mabedi awo atsopano kumtunda ndikulima ndine mawa.

Pakhomo palibe mgolo wina, ndiye madzi ndikutunga ndekha ndi ndowa. Maulendo asanu lero tisanapite kutchalitchi. Amayi a kumjigo akundiitana a Dokotala Ndere. Dzina la kampani ndiye lapezeka.

Za ku Beira zija, popeza kope ili saliwerenga munthu: ndinathera pa boda ya Mwanza. Nyanjayo ndinaiona pa kalendala ya kubabashopu.