Mlatho wa M'khosi wa a Clemente

A Clemente a ku Ntengo-Wambalame adamwalira ali ndi zaka 78, atapuma ntchito ya ulangizi wa zaulimi. Mbiri yawo inali imodzi: sankayankha funso asanapise m'thumba.

M'thumbamo munali zitsekerero za mabotolo. Pa chilichonse adalembapo kuchuluka kwa mvula ya mwezi umodzi wa dzinja, yomwe adayeza okha m'chitini kwa zaka 31. Ankagwedeza thumba, kutola zitatu, kuphatikiza, kulemba, kubwezera. Akatero ankati apanga chaka chomwe sichinabwere.

Dzanja lawo sankalikhulupirira. Ankati limazidziwa zitsekererozo. Choncho wopisa anali akazi awo, a Laurinda, ndipo nyemba zinkapserera pamoto. Iwo akakana, tsoka linkagwera mlendo.

"Odi!"

"Lowani, pisani."

Akatekisita adapisa mpaka mapemphero kuwapita. Anthu adayamba kulambalala, kudzera kuseri kwa khola.

Kenaka padabwera nkhani ya mlatho. Kamtsinje kakadzaza, ngolo za mbatatesi zinkagona tsidya lino, mbatatesi n'kuwola. Anthu adasonkha simenti, mmisiri anali a Fabião, mlongo wa a Laurinda.

"Ufike m'chiuno basi," adatero a Fabião.

"M'khosi," adatero a Clemente. "Pa zaka mil, chikwi chathunthu, zomwe ndapanga, zaka kwarenta, makumi anayi, madzi adutsa pamwamba pa chiuno chanucho."

"Zaka mil! Alamu, mano atsala angati m'kamwamo?"

"Anayi. Koma wowoloka si ine."

"Nanga mvula imagwa m'thumba?"

"Mwina mukunena zoona. Tibwereze mil ina, titsimikize."

A Laurinda atamva zimenezo adaimirira pamsonkhano, nakweza dzanja lotupa.

"Achimwene, mangani m'khosi. Kupanda apo, mubwere mudzapise nokha."

Adamanga m'khosi.

A Clemente adauwoloka kawiri kokha, ulendo wachiwiri atanyamulidwa. A Laurinda sadandaula pagulu. Amangoti tsiku lidatalika, ntchito zonse zimatha dzuwa likadali pamutu. Wina akawafunsa ngati mvula ichuluke chaka chino, amayang'ana kumwamba kanthawi, n'kuyankha kuti, "Kaya."

Mlathowo ulipo. Ngwotalika, ng'ombe zimaukwera mopuma wefuwefu, ndipo oyendetsa ngolo amatchula dzina la a Clemente mokalipa tsiku lililonse la msika. Papita madzinja asanu. Madzi adafikapo m'chifuwa kamodzi.