Aphunzitsi Sanatiuze Kanthu

Anthu a kwathu kuno amati ine ndimagona diso limodzi lili chotsegula. Sindikana. Munthu akandipatsa moni kawiri tsiku limodzi ndimapita kukasuzumira m'khola la nkhuku, ndipo sikelo ya wogula nyemba pa Chimbiya ndimaiyang'ana kunsi ndisanapachikepo thumba. Kukayika kumeneku kwandipulumutsa kambirimbiri. Koma tsiku lina kunatsala pang'ono kugwetsa mwana wanga pamodzi ndi koleji yathunthu, ndipo mpaka lero amayi ena akale akandiona ku tchalitchi amagundana zigongono.

Anali masiku a chipani chimodzi. Inu obadwa dzana simungamvetse bwino. Munthu unkayamba wacheuka usanadandaule ngakhale za matope a mumsewu. Mphunzitsi wina wa kutsidya kwa dambo anali atatengedwa pa galimoto, akuti chifukwa cha mawu amene analankhula m'kalasi, mwana n'kukawabwereza kunyumba. Mawu akewo palibe anawadziwa, ndipo palibenso anafunsa.

Mwana wanga wachiwiri, Filomena, ankaphunzira uphunzitsi pa kakoleji kena ka mpingo (dzina ndisunga, ndinakachititsa kale manyazi okwanira). Kolejiyo inali yatsopano ndipo boma linali lisanaivomereze. Akuti sitingavomere satifiketi zanu pongomva pakamwa, tiyambe taona ngati amene mukuwasulawo akuthadi kuphunzitsa. Choncho ophunzirawo anawamwaza m'masukulu a m'midzi kuti akayesere ntchito, oyendera azikawaona, ndipo makamaka azikaona ngati ana akutolapo kanthu. Zikanakanika, satifiketi ya Filomena ikanakhala pepala lokulungira usipa. Iye anamuika pa sukulu ya kwathu konkuno, chakumtunda kwa Lobi, m'kalasi la Sitandade 4. Zonsezi anandifotokozera ndithu, ndisamunamizire. Koma m'mutu mwanga woyendera anali munthu wobwera pa galimoto, Sisitere ali pambali pake, ana atandanda pamzere akuimba.

Amene anabwera sanali wotero. Ndinkachokera kudimba, dengu la mbatatesi pamutu, nkhungu ya nyengo yozizira ija isanayere, pamene ndinakumana ndi bambo akukankha njinga pachitunda. Jekete yakuda, magalasi, chikwama chomangirira pa kaliyala. Nsapato zopolisha, kwathu kuno!

"Moni mayi. Njira ya kusukulu ndi imeneyi?"

"Mwina," ndinatero.

"Kapena mukuwadziwa aphunzitsi atsopano aja, a Filomena?"

Mlendo wosadziwa njira koma wodziwa dzina!

"Dzina limenelo sindinalimvepo, bambo."

(Ndine Mkatolika, nkhani ya Petulo ndimaidziwa. Koma iye anakana katatu, ine kamodzi kokha, ndipo tambala sanalire.)

Sukuluyo anaipeza yekha, poti inalipo imodzi. Ine ndinamulondola chapatali, n'kukaima kuseri kwa kalasi, pa zenera lopanda galasi. Ndinamuona atadzipanikiza pa benchi yakumbuyo, mawondo ali kuchibwano, kope pamwendo. Filomena akatsegula pakamwa, iye cholembera tswee. Mwana akayankha, iye tswee. Ngakhale mantha anali atandigwira, ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanachionepo: mwana wanga uja, amene kunyumba ankapsereza ndiwo, m'kalasi anali munthu wina. Ankayenda pakati pa ana, kuwerama apa, kuseka apo, ndipo ana amene ndinkawadziwa kuti sakhala pansi anali atatong'ola maso ngati akuonera gule. Zimene ankaphunzitsa sindinamve. Ine maso anali pa cholembera.

Masana Filomena anafika kunyumba akupuma mwamsangamsanga.

"Amayi, kwabwera munthu wa boma. Akuti mawa afunsa ana okha, ine ndili chete, kuti amve zimene ndakhala ndikuwauza."

"Ndamuona. Usanene zambiri. Ndikonza."

"Zikomo amayi! Ndiye muphe nkhuku ya mawanga ija, yanenepa."

Ndinaganiza kuti mantha amusokoneza mutu. Iye ankanena zokonzera mlendo chakudya, ine ndinkanena zina. Sindinamufotokozere, chifukwa Filomena nkhope yake siisunga chinsinsi.

Ndinamanga chitenje n'kupita kwa a Nangozo, mnzanga wa mu kwaya amene mawu ake amamveka kutsidya kwa mtsinje. Tinayenda khomo ndi khomo dzuwa lisanalowe. Uthenga unali umodzi: mlendo uja akafunsa ana zimene aphunzitsi anawauza, ayankhe kuti aphunzitsi sanatiuze kanthu. Palibe mayi ndi mmodzi yemwe anafunsa chifukwa. Onse ankangogwedeza mutu n'kuitana mwana. Ena tinawasonkhanitsa kuseri kwa nkhokwe ya a Nangozo n'kuwayeseza.

"Aphunzitsi anakuuzani chiyani?"

"Sanatiuze kanthu!"

"Mokweza! Kodi simunadye?" anatero a Nangozo, akuwongolera ndi dzanja ngati pa Misa.

Ndiyenera kunena kuti anagwira msanga. Zinkaonekeratu kuti ndi ana ozolowera kuphunzira.

M'mawa mwake ndinali pa zenera langa lija, dengu la mbatatesi pamutu kuti wondiona aziti ndikungodutsa. M'kalasi munali a hedi, Filomena ataima pambali choko chili m'manja, ndi mlendo uja kutsogolo.

"Ana inu," anayamba mwaulemu, "dzulo aphunzitsi anakuphunzitsani chiyani?"

Kalasi lonse pamodzi, mokoka ngati pemphero: "Aphunzitsi sanatiuze kanthu!"

Mlendoyo anaphethira. "Nanga sabata yatha?"

"Aphunzitsi sanatiuze kanthu!"

Analoza kamtsikana ka kutsogolo. "Iwe, dzina lako ndani?"

Kanaimirira, manja kumbuyo. "Aphunzitsi sanatiuze kanthu."

A hedi anatulutsa kampango n'kupukuta thukuta, kuzizira konse kuja. Choko cha Filomena chinathyoka m'manja. Ine panja mtima unali m'malo, ndikuti ntchito ndagwira. Koma kenako ndinaona mlendo uja akuyang'ana Filomena nthawi yaitali, dzanja likupita ku cholembera. Ndinati uyu sanakhulupirire, pakufunika mboni yaikulu. Ndinazungulira n'kulowa pakhomo, dengu lili pamutu chomwecho.

"Odi, pepani bambo. Anawa akunena zoona. Mwana uyu ndinabala ndine, ndikumudziwa. Sadziwa kanthu. Chibwerere pano palibe chimene waphunzitsa, amangowayang'anira kuti asamenyane."

"Amayi!" Filomena anafuula.

Mlendoyo ananditsitsira magalasi. "Mayi, si inu munati dzina limeneli simunalimvepo?"

"Ndalikumbukira pambuyo pake, bambo."

Apa a hedi anandiyandikira n'kulankhula mokukuta mano. "Amayi a Filomena, awa ndi a Mbewe, oyendera zamaphunziro. Zimene alembe lero ndizo zikanene ngati mwana wanu wapambana, komanso ngati koleji yawo ikusula aphunzitsi enieni. Mwamva zimene mwangochitira umboni?"

Ndinamva. Dengu linalemera ngati ndasenza miyala. Ndinalakalaka nditasanduka imodzi ya mbatatesizo, makamaka yapansi. Filomena misozi inali mbwembwembwe koma anaima chilili, osathawa, pamaso pa ana ake. Mtima umenewo sanatengere ine.

Tsono apa ndi pamene ndimawavulira chipewa a Mbewe, ngakhale chipewa sindivala. Akanatha kulemba zimene anamva, kukwera njinga n'kumapita, ndipo palibe akanawanena. Ana anena okha, mayi wake wavomereza, ufunanso chiyani? Koma iwo anayang'ana ana aja, anandiyang'ana ine, n'kutseka kope. Sanafunse kuti wawauza zimenezi ndani. Ndikhulupirira anali atadziwa kale, ndiponso anadziwa chimene ndinkaopa, pakuti nawonso ankakhala m'dziko lomweli.

"Chabwino," anatero. "Poti aphunzitsi sanakuuzeni kanthu, ndikuphunzitsani ndine. Lero tiphunzira masamu a magawo."

Anatola choko chothyoka chija n'kulemba pa bolodi 1 pamwamba, kamzere, 2 pansi. Pambali pake 1 pamwamba, 3 pansi.

"Yang'anani bwino. Poti 3 ndi wamkulu kuposa 2, ndiye kuti ili la 3 ndi gawo lalikulu kuposa theka. Mwamva?"

Ana anayamba kutekeseka pa mabenchi ngati alowedwa ndi linthumbu.

"Ndipo ili," anapitiriza, akulemba 8 pansi, "ndiye lalikulu kuposa onse. Mayi ako akamagawa chikondamoyo, uzipempha limeneli. Koperani m'makope mwanu."

Palibe anagwira pensulo. Kamtsikana kaja kopanda dzina kanali katatupa masaya, kakudziluma mlomo. A Mbewe anakayang'ana n'kunena mokoma, "Lemba, mwana wanga."

"Bodza!"

Kalasi lonse linati haa! Mwana kuuza munthu wamkulu, wa jekete, wa boma, kuti bodza! A hedi anatsinzina. Ine ndinayamba kale kulingalira kuti amake ndikawauza chiyani.

"Bodza?" anatero a Mbewe, ngati odabwa kwambiri. "Ndani angandisonyeze?"

Manja anadzuka kalasi lonse. Kamtsikanako sikanadikire kulozedwa. Kanabwera kwa ine, kugwada bwinobwino, n'kunena kuti, "Tibwerekeni mbatatesi ziwiri zofanana ndi mpeni." Ndinatula dengu. Kanadula imodzi pakati, ina patatu, n'kuika zidutswazo padzanja la a Mbewe.

"Ogawana akachuluka, gawo limachepa. Onani nokha, bambo."

A Mbewe anazitembenuza uku ndi uku. "Mwina mbatatesi za ku Dedza ndi zosiyana ndi za kwathu," anatero, ana n'kufa nacho chiseko. Kenaka analembanso kuti theka kuphatikiza theka ndi 2 pamwamba, 4 pansi. "Ayi! Ndi chathunthu!" Ana anathamangira ku bolodi, kulandana choko, ena kujambula pansi ndi chala, ena kulowa m'dengu mwanga osapemphanso. Bambo aja anangolakwitsabe, kulakwitsa mwaluso, kuchoka pa chosavuta kunka pa chovuta, ndipo paliponse ankayang'ana kuti wawakonza ndani. Amene anali chete kumbuyo ankamupita pafupi n'kulakwitsa pamaso pake penipeni mpaka nayenso alephere kupirira. Amene sanamvetse bwino anaonekeranso, sanabisike. Ndinazindikira kuti munthuyu akuyesa mayeso, koma ana akuona ngati akuthandiza mlendo wosauka nzeru.

Pomaliza anapukuta manja n'kufunsa, "Koma zonsezi anakuuzani ndani?"

Ana anandiyang'ana ine. Ine ndinayang'ana denga.

"Aphunzitsi," linamveka liwu limodzi chapansipansi. Kenaka onse, mokweza kuposa mmene a Nangozo anawayesezera: "Aphunzitsi!"

A Mbewe anatsegula kope n'kulemba. (Sindinama, cholemberacho chinandichititsabe nthumanzi pang'ono.)

Panja, akumasula njinga, anandiitana pambali. Ndinapita.

"Mayi, mwana wanu amadziwa kuphunzitsa. Pa zophatikiza magawo pali ana ena otsalira, ndamuuza awabwereze." Anatsitsa mawu. "Inenso ndili ndi mwana wamkazi, ndiye sindikudabwa. M'kopemu ndalemba za masamu zokha. Koma nanunso luso muli nalo. Kalasi lonse yankho limodzi, madzulo amodzi!"

Ndinasowa poika nkhope. Chimene ndinatha kunena n'chakuti asachoke asanadye, ndipo ndinathamanga kukayamba kupirikitsa nkhuku ya mawanga ija, imene mpaka nthawi imeneyo inali ikuyenda mwamtendere.

Kolejiyo inavomerezedwa. Sindikuti chifukwa cha kalasi lathu lokha, oyendera anapita m'masukulu ambiri, koma kukanakhala kuti kwathu kunabwera munthu waulesi, banga lake likanachokera pakamwa panga. Filomena analandira satifiketi yake ndipo anaphunzitsa mpaka kupuma. Anandikhululukira, ngakhale kuti nthawi yonse imene anagwira ntchito, oyendera akamabwera ankandiuza atapita kale.

Mwina mukuti ndinaphunzira kukhulupirira anthu. Ayi. Ndinangophunzira njira yabwino yowakayikira. Adzukulu anga akabwera ndi mapepala a kusukulu odzaza machongi, sindiwafunsa zimene aphunzira, chifukwa pakamwa ndi pomwe pamanama. Ndimalakwitsa dala n'kudikira. Posachedwapa ndinadula zikondamoyo ziwiri, china pakati, china patatu, n'kuitana kamdzukulu kanga ka Sitandade 4.

"Ichi cha patatu ndiye chachikulu, eti? Poti 3 amaposa 2."

Kanandiyang'ana, kanayang'ana mbale.

"Zoona agogo," kanatero mwaulemu. "Chachikulucho idyani inuyo, ndinu aakulu."

Kanatola theka n'kutuluka.