Munthu Amene Ankapaka Zipolopolo Lipisitiki

Kuno ku Tokachi, mwamuna yekhayo amene ankagula lipisitiki poyera, dzuwa likuswa mtengo, anali malemu a Hamanaka Tokuji. Osati ya akazi awo, ayi, mayi aja anatsogola kalekale. Ankalowa m'sitolo ndi majombo a kukhola, ndowe zili mbuu, n'kuuza wogulitsa, "Mayi, ndipatseni yofiira psuu, koma yosamata kwambiri. Ya mwezi watha ija imanama."

Ankapaka zipolopolo. Alenje akuno satayatu chigoba chamkuwa akawombera. Amathiramo onga wina n'kukhazikapo mutu watsopano ndi makina okanikizira, ndipo pokhazika mutupo m'pamene pagona nkhani. Ukatalika umakakamira mu mpope wa mfuti, ukapendama chipolopolo chimapita kumene chafuna chokha. Ndiye a Tokuji ankaupaka mutuwo kufiira, kuulowetsa m'mfuti, kuutulutsa, n'kumawerenga zipsera zake ngati sing'anga.

"Wangopsompsona mpope," ankatero. "Kupsompsona n'kololedwa. Kuluma ayi."

Chipolopolo chilichonse ankachigubuduza pa galasi kuti aone ngati mutu ukuvina. Tsiku lina galasi litasweka, anapita kukagubuduza pa khonde losalala la kachisi. Wansembe anawapeza atagona chafufumimba, diso limodzi atatsinzina, ndipo anayesa kuti mkuluyo walapa.

Koma tamverani izi: zaka makumi anayi ali m'gulu la alenje, sanaphepo nswala ngakhale imodzi! Ina inaima patsogolo pawo n'kumawayang'ana, iwo n'kutulutsa chipolopolo m'mfuti kuti achionenso bwino. "Chapendama pang'ono," anatero nswala itapita. "Nyama yabwinobwino ngati ija sungaiphe ndi chinthu chokhota, n'chipongwe."

Wowaseka kwambiri anali Kurihara Isamu, wapampando wa gululo, katswiri amene chaka ndi chaka ankatenga chikho pa mpikisano wowombera. "Ine zipolopolo ndimapanga nditatsinzina," ankadzitama. "Izi zopaka milomo n'za madala aja."

Bodza lamkunkhuniza. Isamu kuwombera ankatha, koma pa makina anali ndi manja a mwala. Lachiwiri lililonse m'mawa ankabisa galimoto kuseri kwa nkhokwe ya udzu wa ng'ombe, n'kudutsa m'chipale chofewa chofika m'mawondo mpaka ku khomo la kuseri kwa a Tokuji, bokosi lili m'jekete.

"Madala, zayambanso. Dzulo mutu unatsalira mu mpope, onga wonse n'kukhutukira m'mfuti."

"Ndinakuuza kuti usamakanikize ngati ukupha njoka. Bweretsa kachitsulo kokhazikira mutu."

A Tokuji anakasuzumira, n'kutokosamo ndi kamtengo. Munatuluka kanthu koyera, kouma gwaa.

"Isamu, umadyera mpunga pa makina?"

"Kamodzi kokha, madala."

"Njere imodzi iyi yakhotetsa zipolopolo makumi asanu. Imwa tiyi, azizira."

"Komatu musauze munthu."

"Ndiuze ndani? Nswala?"

Zinayenda choncho zaka khumi ndi ziwiri. Isamu ankaopa chinthu chimodzi chokha pansi pano, kuti anzake adziwe kuti dzina lake lonse limapangidwira pa tebulo la munthu amene iye amamuseka. Ndipo mantha otero amamuchititsa munthu nkhanza. Pa chakudya cha masana cha chaka chatsopano, mowa wa mpunga wotchedwa sake utamulowa, anaimirira n'kulengeza kuti pali mphotho ya mlenje wokongola kuposa onse. Anatulutsa lipisitiki n'kuwalemba a Tokuji pa tsaya, kuyambira kukhutu mpaka kuchibwano. Amuna khumi ndi mmodzi anaseka mpaka kugwira nthiti.

Mkuluyo anadzipukuta ndi chala, n'kuchiyang'ana. "Iyi ndi yomata," anatero. "Akubera."

Lachiwiri lotsatira Isamu anaima nthawi yaitali kuseri kwa nkhokwe. Atafika anapeza chitseko chili chotsekula, makapu awiri ali pa tebulo. Za tsaya sizinatchulidwe. Mumtima Isamu anati adzapepesa sabata yamawa, kenaka inayo, ndipo mu February chifuwa chinawatenga a Tokuji.

Manyazi anamudya Isamu, anamudya zenizeni. Pa mwambo wa tsiku la makumi anayi ndi chisanu ndi chinayi chimwalirireni mkuluyo, wansembe atamaliza mapemphero, alenje anakhala pa mphasa m'nyumba ya malemu, mwana wawo wamkazi, Fumie, akugawa tiyi. Isamu anagwada, chipumi mpaka pansi.

"Anzanga, ndine wabodza. Sindidziwa kukhazika mutu wa chipolopolo. Lachiwiri lililonse ndimabwera kuno mobisa, ndipo zikho zonse zija n'za madala. Upampando ndausiya."

Anadikira chitonzo, koma anangomva wina akutsokomola. Anali mlenje mnzake Ogasawara, wa mathalakitala.

"Ine Lachinayi," anatero Ogasawara, akuyang'ana m'kapu.

"Lolemba," anatero Tsuji wometa tsitsi.

"Lachisanu," anatero wina. "Koma ine madzulo, poti m'mawa..."

"M'mawa ndinali ine, iwe!"

Anawerengana mpaka onse khumi ndi mmodzi anakwana. Wina anayamba kuseka, n'kulekeza panjira. Isamu anadzutsa mutu. "Koma bwanji sitinkaonana mapazi? Njira yakuseri ndi imodzi, chipale sichibisa munthu."

Fumie anaika ketulo pansi. "Mukangochoka, bambo ankatuluka ndi tsache n'kukafufuta mapazi anu mpaka ku nkhokwe, kuti wobwera pambuyo aziyesa kuti ndi yekha. Adokotala anawaletsa kutuluka kozizira. Ndinawabisira tsache, iwo n'kutenga fosholo. Ankati mwamuna akhoza kupirira chipolopolo chokhota, koma osati kuonedwa akufunsa."

Palibe anamwa tiyi uja.

Masiku ano nswala za ku Tokachi zanenepa, zikudya mbatata za anthu mopanda ulemu. Alenje amaika zipolopolo zawo zokhota pa tebulo la gulu, poyera, n'kumakangana osapeza chovuta, ndipo kodzitama kunatha. Upampando Isamu anakana kuubwerera, koma palibenso wina ali ndi nkhope youtenga. Akamadutsa pa nyumba ija amachepetsa liwiro. Kuseri chipale chili see, chosalala kuyambira pakhomo mpaka ku nkhokwe, ndipo Isamu amayang'ana kumbali, poti tsopano sichinasesedwe ndi munthu, kungoti palibenso wopondapo.