Tsiku limene kapulana inakana kuzungulira msungichuma

Mpaka lero ndikakumana ndi mayi Rozalina panjira ya kumjigo, ndimayamba kukonzakonza mwana kumsana ngakhale ali bwinobwino. Ndikuuzani chifukwa chake, poti inu nkhope yanga simuidziwa.

Ine ndalama imandiyabwa m'manja. Choipa kwambiri n'chakuti wogulitsa akangoti, "Mana, tangogwirani," n'kundipatsira chinthu, kubweza ndimachita manyazi. Amuna anga, bambo a Zeka, atatopa nazo anandilowetsa m'popansa. Ili ndi gulu la azimayi khumi ndi awiri a m'mudzi mwathu, kufupi ndi Mandimba, ndipo timasonkha ndalama Lachinayi lililonse m'bokosi la maloko atatu. Kwa miyezi isanu ndi itatu ndinasonkha osadumphitsa. (Lachitatu usiku sindinkagona, kuopa kuti idyeka kusanache.) Kunja kwa bokosi limenelo sindinasungepo kanthu chibadwire.

Tsiku logawana ndalamazo litayandikira, tinagwirizana kuti tonse tidzavale kapulana yofanana, nsalu imene ena amati chitenje. Aliyense anapereka mametikali 250. Zinangochitika kuti ine ndinali ndi ulendo wa ku Cuamba, kokaona mkulu wanga amene anali atangochira mwana wamkazi.

"Tumani make Zeka," anatero mayi Rozalina, msungichuma wathu, munthu wa thupi lake. "Munthu wofatsa chonchi angadye ndalama ya gulu?"

Ndinafuna kukana, koma manyazi aja anandigwira. Ndinangowerama, iwo n'kuyesa ulemu.

Ndalamazo ndinazimanga pangodya ya nsalu, mfundo ziwiri. M'shapa, minibasi ya kwathu kuno, njira yonse dzanja linali pamfundopo. Nditangotsika ku Cuamba, mayi wina anagwira phazi la Zeka kumsana kwanga n'kumuveka kansapato. Kungokagogoda, kansapato kaja kuyaka ngati galimoto ya apolisi! (Zeka nthawi imeneyo anali asanayambe n'kukwawa komwe.) Ndinamasula mfundo yoyamba ndikudziuza kuti ndibweza ndi ndalama yanga ya chakudya.

Pang'ono pokha, bambo wina anandigwiritsa makapu agalasi a maluwa ofiira. Ndinati mlendo sapita chimanjamanja kwa mayi wa khanda. Atatu ndinapatsadi mkulu wanga, atatu ndinabisa m'chikwama. Kenako mafuta a tsitsi. Kenako kasefa ka tiyi, ife tiyi wamasamba sitimwa. Miyendo inkangolowera kumene kuli zinthu.

M'mawa mwake ndinalowa m'loja, sitolo ya nsalu, n'kusankha yobiriwira ya nyenyezi zachikasu. Mwini loja anawerenga ndalama kawiri.

"Izi n'za makapulana khumi, mayi."

"Ndikufuna khumi ndi awiri."

"Onjezani 500."

M'chikwama munatsala ya shapa yokha. Ngakhale ndikanasiya yanga, imodzi ikanaperewerabe. Apa m'pamene nzeru yoipa inandifikira.

"Nanga nsalu ya khumiyo mutaidula pakhumi ndi pawiri?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "N'za ana a sukulu?"

"Ayi... n'za anthu ochepa thupi."

Anapukusa mutu, koma anadula.

Tsiku logawana linafika. Tinasonkhana pabwalo la mayi Rozalina, azibambo ali chapatali pamipando, nkhuku zili pamoto. Ndinagawa nsalu zili zopinda bwinobwino. Oonda anavala, ena akungokokakoka. Ndinayamba kupuma. Ndiye anadzuka mayi Rozalina. Anakoka mbali iyi, mbali inayo inathawa. Anapuma mpweya n'kubweza mimba, anakokanso. Nsonga ziwiri zinangoyang'anana, pakati pakuoneka siketi yakale.

"Amayi inu, kodi ndanenepa chonchi?"

"Ndi mpunga wa popansa umenewo!" wina anakuwa, anthu n'kufa nako kuseka.

Koma mana Luwiza, amene amasoka zovala, sanaseke. Anavula yake n'kuiyeza ndi mkono. "Kapulana ndi mikono inayi. Iyi ndi itatu ndi kachidutswa. Make Zeka, unagula kuti?"

Ndikanatha kunamizira mwini loja, ndipo bodzalo linali kale palilime. Koma Zeka anayamba kuponda m'chiuno mwanga, tinsapato tija phethiphethi, maso onse pamenepo.

"Tokongola," anatero mana Luwiza. "Ndi zingati?"

Ndinalira. Ndinaulula zonse, mpaka kasefa. Bambo a Zeka anadzuka n'kupita kukayang'ana tcheni cha njinga chimene chinalibe vuto.

Ena anati ndichotsedwe m'gulu. Apa m'pamene mantha anandigwira zenizeni, chifukwa ndinadziwa kuti ndikachoka sindidzasunganso ngakhale ya mchere. Mayi Rozalina, atagwira nsalu yawo ndi dzanja limodzi kuti isagwe, anati, "Mukamuchotsa akasunga kuti? Matenda ake mwawaona nokha. Olakwa ndi ife, tinatuma mbuzi kukalondera chimanga."

Anandidula 500 ija pagawo langa, kuwonjezapo chindapusa, ndiponso ndinawagulira mayi Rozalina kapulana yathunthu. Zotsala zinakwanabe kamwana ka mbuzi, chinthu choyamba chimene ndinagula nditachiganizira kwa sabata yathunthu.

Masiku ano ndikagulitsa tomato, ndalama sigona m'nyumba. Ndimathamanga nayo kwa apongozi, iwo n'kudzandipatsa Lachinayi tili kale pakhomo pa msonkhano. Wamalonda wapanjinga akaliza belu pamsewu, ndimalowa m'bafa mpaka adutse. Zikuyenda, sindinama. Kungoti sabata yatha ndili m'bafamo ndinamva akuti ali ndi mabeseni abuluu, ndipo ndinangozindikira ndikufunsa mtengo kudzera pampata wa udzu.