Achiswe ndi Zisa Zawo za Fomu

Achiswe anali munthu woti mukawapatsa moni sankakuyang'anani m'maso, ankakuyang'anani m'kamwa. Anagwira ntchito yopanga mano oyikirira zaka makumi atatu, ndiye atapuma anthu ankati matendawa atha. Ayi ndithu, anangokula. "Tayasamulani pang'ono," ankatero kwa wometa, kwa wowerenga mita ya madzi, ngakhale kwa mlendo wofunsa njira. Munthu akayasamula, iwo ankasuzumira n'kupukusa mutu. "Usinini wotuwa. Tsekani, mwanditayitsa nthawi."

Chimene ankasaka m'kamwa mwa anthumo chinali mtundu wa penti. Kuseri kwa galaja ya mlamu wawo, wopenta magalimoto, anali ndi kachipinda momwe ankasema fomu yoyera ija amatchingira mafiriji atsopano m'makatoni. Ankaiboola ndi tizitsulo tawo takale tokonzera mano, n'chifukwa chake anatchedwa Achiswe. Zotuluka pamenepo zinali zisa za tizilombo ta ku mapulaneti ena: zokhotakhota, zamaunamauna, zodzaza mazira. M'kati mwa una uliwonse, malinga ndi iwo, munayenera kufiira ngati m'kamwa mwa munthu wathanzi. Loweruka lililonse azibambo asanu, ena a dazi, ankabwera ndi tiasilikali tapulasitiki totalika ngati chala, n'kumenya nkhondo patebulo pakati pa zisazo, uyu madayisi, uyu tepi yoyezera.

Wopenta magalimoto uja zinkamuwawa mpaka m'mafupa. Mlongo wake anakwatiwa ndi munthu wovala jasi yoyera, lero ankakhala ndi nkhalamba yolimbirana makatoni ndi otaya zinyalala.

"Alamu, munthu wa zidzukulu zinayi, mukumangira nyerere nyumba?"

"Nyerere ili ndi miyendo isanu ndi umodzi. Izi zili ndi khumi."

"Munaziona kuti?"

"Komwe inu munaona mtundu uja mwapaka galimoto ya dzana. Mwiniwake anakulakwirani chiyani?"

Pakunyoza, Achiswe analibe mnzawo. Ankati mlamu wawo sapenta, amathirira, ndipo pakati pa iye ndi wothirira maluwa kusiyana ndi fungo lokha. Penti weniweni, ankatero, amafuna ulemu. Fomu iyambe yamwa guluu wa matabwa katatu. Ikauma, penti wakuda. Kenako ankaviika burashi mu penti wofiira, n'kuipukuta pa sanza mpaka kutsala pang'ono kuuma, ndiye n'kumasisita chisacho ngati akuthamangitsa ntchentche pankhope pa khanda. Wopenta ankafotokozera makasitomala ake kuti kuseri kuli munthu amene amagula penti kuti akongoletse sanza. Pomaliza Achiswe ankakoka ulusi wa guluu wotentha pakhomo pa mauna n'kupakapo vanishi, kuti zioneke ngati dovu. Sabata zitatu zathunthu, kuti chinthu chioneke chonyansa.

Chaka china anapanga mazira a tizilomboto ndi nyemba zouma. Denga linadontha, ndipo Loweruka azibambo aja anapeza mazira ataphukira, timasamba tili nyomi pa mauna.

"Zaswa, alamu!" anakuwa wopenta, misozi ya phwete ili mbwe. "Mwakhala agogo kachisanu!"

Achiswe sanaseke. Anakhala pansi n'kulemba lamulo latsopano: msilikali wogunda tsamba wafa.

Nkhani yaikulu inabwera ndi chisa cha mfumukazi ya tizilomboto. Chinali chotalika mpaka m'chiuno, anachisema miyezi itatu, ndipo Loweruka kunkabwera alendo, gulu la osewera a mzinda wina, kudzachiona. Lachinayi chinali chidakali mbee, chopanda ndi guluu yemwe, chifukwa Achiswe ankangobwereza una umodzi umene ankati sukuopsa mokwanira. M'mawa umenewo akazi awo anawakokera ku chipatala kukayezetsa magazi. Wopenta anasuzumira m'kachipindamo, nati lero ndimuonetsa mkuluyu ntchito ya amuna. Anakoka paipi ya makina ake opopera, nathiramo penti wofiira wotsala pa minibasi. Mphindi zitatu, chisa chonse psuu.

Kenako chinayamba kulira. Tsiii. Penti wa galimoto amadya fomu, ndipo munthu yekhayo amene sankadziwa zimenezi pamalopo anali katswiri wa penti. Makoma anafota, mauna anayasama, nsonga inapendekeka ngati kandulo padzuwa. Wopenta anapemerera ndi katoni, anathira madzi, anapemphera. Pamene awiriwo ankabwerako, anamupeza ataima pakhomo ngati galu wakuba mazira.

Mlongo wake anangoona kamodzi n'kugwira pamutu. "Achimwene, adokotala angoti bambowa asamakwiye. Mwafuna ndikhale wamasiye?"

Achiswe anazungulira chisacho katatu. Anapisa chala m'dzenje lina losungunuka, lamakwinyamakwinya, nachinunkhiza.

"Munaima patali bwanji?"

"Alamu, pepani, ine ndimati ndikuthandizeni..."

"Sindinafunse za mtima wanu. Patali bwanji?"

Wopenta anaonetsa ndi mkono. Achiswe anatenga chidutswa china cha fomu nachiika pansi. "Thirirani apa. Bwererani m'mbuyo pang'ono. Chitsiru chinaomba ng'oma, ochenjera navina."

Loweruka alendo anachita kujambula chisacho mbali zonse. Mmodzi anati chikumuyabwitsa thupi, ndipo Achiswe anamugwira chanza kawiri. Atafunsidwa kuti makwinya otere anawasema bwanji, anati, "Zaka makumi atatu m'kamwa mwa anthu, mwanawe." Wopenta anatsokomola pakona. "Awo ndi alamu anga," anatero Achiswe. "Amandigwirira paipi."

Kuyambira pamenepo wopenta ankaitanidwa kuseri kawiri pa sabata, ndipo ankapita akung'ung'udza kuti akungopitira mlongo wake. Zikomo sanamumvepo. Akapopera pafupi, Achiswe ankati wapha. Akapopera patali, akuopa chiyani?

Kenako manja a Achiswe anayamba kunjenjemera. Burashi inkagwa, tizitsulo tinkaboola posayenera. Chisa chomaliza anachipenta ndi pakamwa, atakhala pampando, bulangete m'miyendo, burashi ili m'dzanja la mlamu wawo.

"Pukutani. Mwapukuta kwambiri. Kodi mukupaka chimbudzi?"

"Bwerani mupente nokha."

"Ndikanatha, ndikanaitana wothirira?"

Vanishi anapakidwa Lachiwiri. Achiswe anayang'ana nthawi yaitali, nati, "Tingopirira." Wopenta anatuluka msanga, ati utsi wa vanishi wamulowa m'maso. Sabata yotsatira Achiswe anatisiya.

Azibambo aja amabwerabe Loweruka. Amaponya madayisi mwaulemu, palibe wowauza kuti asilikali awo anapentedwa ndi mchira wa mbuzi, ndipo pofika folo koloko aliyense wanyamula kabokosi kake. Otaya zinyalala amatenga makatoni popanda wotsutsana naye. Mu galaja mumangomveka makina.

Mwezi watha kasitomala wina anadzatenga galimoto yake, naizungulira, nati, "Bwana, ntchito yabwino zedi, palibe ponena." Wopenta anamuyang'ana ngati wamutukwana. Anamulondola mpaka pa geti, namugogodera pa galasi.

"Palibe ponena? Taonani pa chitseko apa, penti wayenderera. Apanso. Maso muli nawo?"

Munthuyo anati iye sakuonapo kanthu, nalizitsa galimoto n'kumapita. Wopenta anatsala pa geti, sanza ili m'manja, akudikira yankho loti limupweteke.