Kampu ya Alamu a ku Blantyre

Nkhani iyi kwathu kwa Maseya palibe amene saidziwa, ndiye bola muimve kwa ine mwini wake, isanakupezeni ena atathira kale tsabola. Ndi yochititsa manyazi, ndipo chitsiru cha m'nkhanimo musachifune patali. Ndine.

Ndili ndi mlamu wanga dzina lake Zuze, mchimwene wake wa mkazi wanga Chanaze. Amayendetsa galimoto ku Blantyre, ku bungwe lina lothandiza anthu pa nthawi ya mavuto. Chipitireni kumtunda kuja, mawu ake atatu aliwonse limodzi limakhala lachizungu.

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndili pansi pa mtengo wa nimu ndikudzikupiza ndi chipewa, foni inalira.

"Alamu, muli tani?"

"Pyadidi, alamu. Kaya kumtundako?"

"Tili bwino. Tamverani, ndikufuna mundithandize. Mundipezere malo abwino a kampu. Kumapiri uko, kumtunda kwa Thabwa, mukangoyamba kukwera msewu wobwera kuno. Loweruka tikubwera ndi matenti, ine ndi mabwana anga."

Chipewa chinagwa pansi.

Muyenera kumvetsa. Kuno kuchigwa mawu oti kampu sitiseka nawo. Kampu ndi kumene umathawira Shire akalowa m'nyumba osagogoda. Ine ndinagonako ku kampu, pasukulu, mutu wanga uli pa miyendo ya munthu amene sindinamudziwe dzina mpaka lero. Munthu akati kampu, ife timayamba kuyang'ana kumene kuli mbuzi.

"Kampu, alamu? Loweruka lomwe lino?"

"Ee, Loweruka. Pakhale pamtunda, poti tiziona Shire yense bwinobwino. Nkhuni zikhale pafupi. Koma alamu, please, musauze anthu. Sitikufuna chigulu."

"Chifukwa chiyani?"

"Mabwana akufuna..."

Network inathawa. Ndinaimba, osalowa. Ndinakwera pachulu, osalowa.

Ndinakhala pansi n'kuyamba kulumikiza. Munthu wa bungwe la matenti. Akufuna malo okwera. Akufuna aziona mtsinje wonse. Tsiku akulidziwa. Ndipo akuti tisauze anthu. Abale anga, mukanakhala inu mukanaganiza chiyani?

Ndinathamangira kuseri kwa nyumba kumene Chanaze ankapeta mapira.

"Mayi a Tomasi, madzi akubwera Loweruka."

Anayang'ana kumwamba. Kunali mbee, kopanda ngakhale kamtambo kongonamizira.

"Madzi ake ati, bambo a Tomasi? Mwamwa chiyani?"

"Zuze wandiimbira. Akumanga kampu."

"Mu Okutobala?"

"Madzi athu amadikira mvula ya kuno? Si paja imagwa kumapiri kwa eni ake, ife tikuotha dzuwa, n'kungoona ng'ombe ikudutsa pakhomo miyendo ili m'mwamba? Anthu a m'maofesi aja ali ndi makompyuta. Namondwe amamuona akadali kunyanja kwa Apwitikizi."

Lichero linaima. Koma mkaziyu ndi wouma mutu.

"Nanga bwanji sanandiimbire ine? Bwanji sanawaimbire amayi?"

Apo m'pamene mtima wanga unawira. Zoonadi! Apongozi anga, amayi ake omubereka Zuze yemweyo, amakhala kanyumba ka kumunsi kwenikweni, kumene madzi amayambira kupereka moni. Ndiye mwana wawo akupezera malo mabwana ake, nkhalamba n'kuisiya kuti iyandame?

"Waona?" ndinatero. "Malo abwino akufuna agawane okhaokha ndi abale a mabwana. Ife tidzafike mochedwa, atiike kufupi ndi zimbudzi. Tauni yamuwononga mchimwene wakoyu."

"Muimbireninso mufunse bwino."

"Kuti adziwe kuti ndatulukira? Nkhabe!"

Mawa lake ndinapalasa njinga, kuwoloka mlatho, mpaka pa Thabwa. Njinga ndinaisiya kwa mnzanga wowotcherera, n'kuyamba kukwera wapansi.

Pa ntchito iyi yokha ndisadzichepetse, malo a kampu ndimawadziwa. Oyamba ndinawakana: miyala yokhayokha, chikhomo cha tenti sichingalowe. Ena anali abwino koma lole ya ufa sikanatha kutembenuka. Ena anali pansi pa mtengo wa njuchi. Kenako ndinafika pa kachidikha kena, kosalala ngati bwalo la mpira, mitengo ya masuku m'mbali, kamphepo kakuwomba kozizirira. Utaima pamenepo chigwa chonse chili pansi pako: minda ya nzimbe, midzi, Shire akunyezimira ngati alibe mlandu.

Ndikuyeza ndi mapazi poti pangakhale zimbudzi, ndinamva kutsokomola kumbuyo. Bambo wina wamtali, chikwanje m'manja. Anati dzina lawo ndi a Kapesi, ndipo malowo ndi a banja lawo.

"Mukuyeza chiyani m'munda mwa eni ake?"

"Pepani, bambo. Pali alendo a ku Blantyre akufuna kudzagona pano Loweruka."

"Kugona? Ku Blantyre nyumba zatha?"

"Ndi matenti."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Amayamba choncho. Lero tenti, mawa mwala wa simenti, mkuja akuuza kuti agogo ako anaikidwa pa plot ya munthu."

Ndinaona kuti chikwanje chija sakuchitsitsa. Ndinasendera pafupi n'kunong'ona: "Bambo, kumunsi kukubwera madzi. Chinsinsi."

Chikwanje chinatsika. A Kapesi anayang'ana chigwa chija mwachisoni, n'kugwedeza mutu. "Mukanayamba ndi zimenezo. Bwerani. Pa tsoka sitikanizana malo."

Madzulo network itabwerako, ndinamutumizira Zuze uthenga womulondolera njira. Anayankha kuti, "Super, alamu! Remember, top secret." N'kuikapo kankhope koseka. Koseka! Anthu tikumira iye akuseka!

Ine sindinauze anthu. Ndinauza munthu mmodzi yekha, a Fombe oyandikana nawo nyumba, chifukwa ndi amene ali ndi ngolo, ndipo apongozi sakanatha kuyenda mtunda wonsewo. A Fombe nawonso akulumbira mpaka lero kuti anangouza akazi awo. Akazi awo anali pa mjigo.

Loweruka kusanatenthe tinanyamuka. Kutsogolo ngolo, pamwamba pa matumba a mapira pali apongozi atafunda ambulera, nkhuku ili pamiyendo. Pambuyo ine ndi njinga, nditamangirira matiresi, wailesi ndi chitseko cha nyumba yanga. Ee, chitseko. Chinali chatsopano, ndipo madzi apitawo anandidyera china. Pambuyo panga Chanaze akukoka mbuzi, osandilankhula. Nditacheuka pamlatho ndinaona kuti mzere wafika patali: amayi ndi mitolo pamutu, ana, mapoto, agalu, wina mpaka makina osokera.

Anthu a pa Thabwa anatuluka m'mashopu.

"Kwagwanji kumunsiko?"

"Madzi!" anayankha a Fombe, thukuta lili chuchuchu, fumbi lili kobo.

Ng'ombe zinakana phiri pakona yoyamba. Tinatsitsa katundu, n'kuyamba kusenza. Apongozi tinawakweza pa njinga yanga, ine ndikukankha, chitseko nditachisenzetsa a Fombe. Mwa mwambo wathu mkamwini sayandikana ndi apongozi chotero, ndiye ulendo wonse ndinkakankha nkhope nditalozetsa kutchire.

A Kapesi anatilandira ngati abale. Anali atasesa pamalopo, akazi awo atatunga madzi. Ine ndinayamba kugawa malo ngati kapitawo: a Fombe apa, apongozi pamthunzi wa msuku, mbuzi uko. Pakati penipeni, poonekera chigwa bwino, ndinaikapo matiresi anga. Ndinati mabwanawo akabwera aone okha pokhala.

Dzuwa litapendeka pang'ono tinamva magalimoto. Awiri, oyera, akukwera mwaulemu. Amayi anayamba nthungululu. Ndipo popanda wowauza, anthu anaima pamzere, amayi uku abambo uku, aliyense kathumba kapena beseni m'manja. Zinthu izi tinazizolowera.

Magalimoto anaima. Kwa kanthawi palibe anatsika. Kenako chitseko chinatseguka, Zuze n'kutuluka atavala kabudula wamaluwa ndi magalasi akuda. Anavula magalasiwo pang'onopang'ono.

Pambuyo pake panatsika mayi wina wonenepa bwino, wa chipewa chachikulu, amene ndinamva akumutchula kuti Madam. Kenako anyamata ndi atsikana angapo, wina atanyamula sipika, wina cooler box, wina waya wowotchera nyama. Ndinasuzumira m'galimoto kufuna matumba a ufa. Munali mipando yopinda ndi gitala.

"Zuze," anatero Madam, "paja unati malo a phee?"

Maso a Zuze anali pa mtengo wa msuku.

"Amayi? Mukutani kuno?"

"Ndathawa, mwanawe," anatero apongozi. "Pakuti iwe sunafune kundiuza."

Zuze anatembenukira kwa ine. "Alamu, chikuchitika n'chiyani?"

Ndinaona kuti nthawi yanga yakwana. Ndinaima pakati, anthu onse akumva, ndinakweza mawu.

"Alamu, zobisa zatha. Ife si ana. Tiuzeni pamaso pa amayi anu ndi pamaso pa mabwana anu: madzi ali pati?"

"Madzi?"

"Madzi!"

"Ali m'galimoto yachiwiriyo. Tabwera nawo mabotolo awiri akuluakulu. Muli ndi ludzu?"

Mwana wina anaseka. Ine ndinapitiriza, koma mawu anali atayamba kuchepa.

"Ndikunena chigumula, alamu. Si mwati mukumanga kampu?"

Zuze anagwira pakamwa. Anakhala pa bampala ya galimoto. Anayesa kubisa kuseka, osatheka.

"Camping, alamu! Camping! Tabwera kudzacheza. Kuwotcha nyama, kuona view, kugona panja, mawa n'kubwerera."

Ngakhale mbuzi zinasiya kulira.

Mnyamata wa sipika uja, pofuna kutithandiza kumvetsa, anatulutsa kathumba, n'kukaponya pansi. Kanadzitambasula kokha, phwa! Katenti kobiriwira, kotalika ngati khola la nkhunda. A Fombe anakazungulira, n'kusuzumiramo.

"Banja lonse m'menemu?"

"Ayi bambo, ndi ka munthu mmodzi."

Apongozi anaitana mwana wawo ndi chala. Zuze anapita n'kugwada.

"Nyumba yako ya ku Blantyre yagwa?"

"Ayi, amayi."

"Akuthamangitsa a landilodi?"

"Ayi."

"Bedi ulinalo?"

"Ndilinalo, amayi."

"Mphapo wasiya bedi, wawotcha mafuta a galimoto, kudzagona pansi patchire pa eni ake, popanda chokuthamangitsa?"

"Timasangalala choncho, amayi. Kuchotsa stress."

Apongozi anamuyang'ana nthawi yaitali. Ndinayamba kulimba mtima kuti mwina mlandu ugwera iyeyo. Koma mzere uja unali utasweka, ndipo maso onse anali akutembenukira kwa ine, mmodzimmodzi.

"Ine ndasiya thonje langa pakhonde," anatero mayi wina.

"Ine ndagulitsa abakha dzulo, mtengo wotaya!"

"Ng'ombe zanga zatupa mapazi," anatero a Fombe, "ndipo msana wangawu wasenza chitseko cha munthu."

A Kapesi anali atatolanso chikwanje chawo. "Ndiye madzi kulibe? Ndinanena ine. Tenti yayamba kale kuima!"

Zinatengera Madam kuti awakhazike mtima pansi, kulumbira kuti mawa lomwelo achoka ndipo sasiya ngakhale chikhomo. Mayiyo anali wamtima wabwino, ngakhale ankapukuta misozi ya kuseka. Anati malo ndasankha bwino kwambiri, sanaonepo view yotere. Kenako anayang'ana khamu lija, n'kuyang'ana nyama yawo ya m'kabokosi, n'kuona kuti sikwanira ngakhale ana okha.

Apo a Fombe anati pali njira. Anthu avutika chifukwa cha munthu mmodzi, ndipo munthuyo wabwera ndi mbuzi. Ndinayang'ana kwa Chanaze kuti anditeteze. Chanaze anamasula chingwe yekha n'kuwapatsa.

Anadya anthu. Sipika inalira, ana anavina, atsikana a ku Blantyre anajambulitsa atakhala pa matumba a mapira. Wina anapempha kuti ajambule ine nditaima ndi chitseko changa, chigwa chili kumbuyo. Ndinakana. Anajambulabe.

Ine nyama ija sinatsike. Ndinakokera matiresi anga kumapeto, n'kukhalapo ndikuyang'ana Shire kumunsi. Ndinapemphera kuti mwina kamtambo kamodzi kaoneke, kangondichotsa manyazi. Kumwamba kunali mbee.

Pomwe tinkamanga katundu kuti titsike, apongozi anakana kunyamuka. Anati kamphepo ka kuno kawakomera, agona m'katenti ka mwana wawo, iye aone pogona. Kenako anaitana Chanaze. Paja apongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso, amatuma mwana wawo. Koma anatuma mokweza, phiri lonse likumva.

"Chanaze, usawakalipire amuna ako. Sananame. Madzi asefukiradi."

Anthu anasiya zomanga. Ine mtima unati myaa, ndinati pomaliza wapezeka wondiikira kumbuyo.

"Kungoti asefukira m'mutu mwawo."

Wa m'tauni akakuuzani mawu achizungu amene mukuganiza kuti mumawadziwa, mufunseni kawiri musanazule chitseko.